Ukwati ndi nkhani ina, ndende ndi nkhani inanso

Pa 18 December 2023 ku Roma kunatuluka kalata yolola ansembe kudalitsa anthu awiri, amuna okha-okha kapena akazi okha-okha, amene akhalira pamodzi. Kalatayo sinati umenewo ndi ukwati, komabe sabata lisanathe Mabishopu a Katolika a m'Zambia analengeza kuti dalitso lotere silidzaperekedwa muno.

Ife sititsutsana nao. Mpingo uli ndi ufulu wosunga ciphunzitso cake, ndipo Boma lisakakamize wansembe, m'busa kapena shehe kumanga ukwati umene cikhulupiriro cake cikana. Ndiponso lamulo la dziko lino silizindikira ukwati wotere. M'Africa muno dziko limene linauloleza ndi South Africa, mu 2006.

Koma abale ndi alongo a m'midzi, pamene tikamba nkhaniyi pa misonkhano ya nthambi, tisasakanize zinthu ziwiri. Kukana kukwatitsa munthu ndi cinthu cina, kumtsekera m'ndende ndi cinanso. Mu November 2019 amuna awiri a ku Kapiri Mposhi anagamulidwa kukhala m'ndende zaka 15. Zaka 15! Mwana wobadwa tsiku la cigamulo akanatsiriza sukulu ya pulaimale iwo akali m'kati. Lamulo limene linawamanga tinalandira kwa atsamunda Angelezi, ngakhale kuti, tinene zoona, Nyumba yathu ya Malamulo ndiyo inaonjezera cilango mu 2005.

Malemu a Edgar Lungu, amene anakangana kwambiri ndi kazembe wa America a Daniel Foote pa mlandu womwewu, ndiwo anawakhululukira mu May 2020. Kutsidya kwa Mwami nakonso, malemu a Bingu wa Mutharika anamasula anthu awiri mu 2010 khoti litawapatsa zaka 14. Atsogoleri awiriwa sanali okonda maukwati otere. Koma khomo la ndende analitsegula ndi manja ao.

Tsono amene amadutsa pa Chanida kupita ku Tete adziwe kuti dziko la Mozambique linacotsa cilangoci mu 2015, ndipo ukwati wa amuna okha-okha silinauloleze kufikira lero. Ma Misa acitika, mizikiti ili yotsegula.

Aphungu athu a ku Chipata, ku Katete ndi ku Chadiza akabwera kudzanena kuti ukwati wotere aukana, tiwamvere. Akatsiriza, wapampando wa nthambi aimirire, awafunse za zaka 15 zija.