Usanakwere Ndege, Dziwa Kwanu

Wophunzira iwe wa kuno ku Nkhotakota amene wapeza mwayi wokaphunzira ku Ulaya kapena ku America, masiku ano tulo sukutiona. Pasipoti ukuisuzumira kawirikawiri ngati ithawa. Mtima uli m'mwamba: kodi ndege ikamanyamuka pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi m'mimba mumamveka bwanji? Nanga chisanu chakumeneko ndikachipirira, poti mwera wa mu Juni womwewu umandikhalitsa pamoto? Mantha ndi chimwemwe zoterezi n'zachibadwa. Koma maganizo anga ndi akuti masiku odikirawa usawathere polota za kumene ukupita. Uwagwiritse ntchito podziwa bwino kumene ukuchokera.

Ukakafika, anzako a m'kalasi sakakufunsa za London kapena Washington, poti kumeneko n'kwawo. Akakufunsa za kwanu. Ukangoti, "Kwathu kuli nyanja," n'kuthera pomwepo, wadzichotsa ulemu wekha. Kodi ungathe kuwafotokozera kuti nyanja yathuyi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi? Ungawauze za mpasa imene imakwera mtsinje wa Bua kukaswa, kapena za njovu pafupifupi 500 zimene adazisamutsira m'nkhalango ya Nkhotakota mu 2016 ndi 2017?

Koposa zonse, dziwa mbiri ya gombe limene ukulisiyali. Kuyambira m'zaka za m'ma 1840, Jumbe Salim bin Abdullah adasandutsa Nkhotakota msika wa akapolo. Anthu ankalongedwa m'zombo ngati matumba a mpunga, n'kuwolotsedwa nyanja, kenako n'kuyenda pansi mpaka ku Kilwa. Pansi pa mkuyu uja wa pamishoni, David Livingstone adakambirana ndi Jumbe m'zaka za m'ma 1860 za malonda oipawa. Anthu amenewo adapita kutali ali m'magoli, osatsanzika, ndipo sadabwerere. Iwe ukunyamuka pa gombe lomwelo mwa kufuna kwako, buku lili m'manja, amayi akukuperekeza mpaka pa siteji. Ukaizindikira mbiri imeneyi, ulendo wakowu sungautenge ngati wokajambulitsa zithunzi za pa Facebook.

Mwina wina anena kuti, "Aphunzitsi, kumeneko akufuna masamu, sayansi ndi Chingelezi. Za Jumbe ndi mpasa zikandikhozetsa mayeso ngati?" Zoona, mayeso ukakhoza ndi khama la m'kalasi. Koma funso lalikulu ndi lakuti maphunzirowo ukawatengera kuti ukamaliza. John Chilembwe adapita ku America mu 1897, nakaphunzira ku Lynchburg m'dera la Virginia. Mu 1900 adabwerera n'kudzatsegula mpingo ndi sukulu ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, chifukwa mavuto a anthu akwawo adapita nawo mumtima. William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, adamaliza maphunziro ku Dartmouth College mu 2014, koma chimene dziko lidamudziwira ndi makina amphepo opangira magetsi amene adapanga pakhomo pa makolo ake. Onsewa adafika kwa eni ali kale ndi nkhani yawoyawo.

Chilankhulo nachonso chimafuna kuchisamala. Dr. Hastings Kamuzu Banda atatsika ndege pa Chileka pa 6 Julaye 1958, patatha zaka zoposa 40 ali kunja, pamisonkhano ankalankhula Chingelezi, wina n'kumamasulira. Ngati zidachitika kwa munthu amene adabwerera kudzamenyera dziko lake ufulu, kuli bwanji iwe ndi ine? Akuluakulu athu ali ndi dzina la munthu wopita kutali n'kuiwala kwawo: amati mtchona. Utchona suyamba tsiku limene munthu wasiya kulemba kalata ayi. Umayamba pamene wayamba kuchita manyazi ndi kondowole ndi usipa zimene zidamulera.

Tsono m'masabata atsalawa chita izi. Khala pansi ndi agogo akuuze za mtundu wanu, mfunda wanu ndi kumene makolo adachokera, ndipo uzilembe m'kope. Lawirira kudoko ukafunse asodzi kusiyana kwa mwera ndi mpoto, komanso mmene amakokera chilimira. M'chikwama, pakati pa majuzi, ikamo buku limodzi la Chichewa, kaya Nthondo la Samuel Josia Ntara, kaya Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe. Onse awiri akukamba za anthu ochoka pamudzi kukafuna mwayi kutali, ndipo ukakawawerenganso uli kwa eni ukawamva mwatsopano.

Pita, mwanawe, ukaphunzire ndi mtima wonse, ukafunse pamene sukudziwa, poti safunsa adadya phula. Koma sukulu ya Linga, chipatala cha boma ndi minda ya mpunga ya kuno zikudikira zimene ukatengeko. Paja akulu adati kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka.