Sub-Zero sanachokepo pa Mitundu

Tsiku la msika pa Mitundu, mnyamata wina wa m'tauni anaima pakhomo pa kashopu ka magemu n'kusuzumira mkati. Pabenchi panali anzake awiri, aliyense padi m'manja, maso ali pa TV yakale ija ya chimsana. Ankamenyanitsa Sub-Zero ndi Scorpion pa PlayStation 2, ena ataunjikana kumbuyo kudikira kuti woluza adzuke. Mlendoyo anapukusa mutu. "Achimwene, mukadali pa zimenezi?" anatero kwa mwini shopu. "Anzathu kunja ali pa Tekken 8. Ife ndiye tinatsalira." Atatero anakakwera kabaza.

Mawu amenewa akhala akumusowetsa mtendere mlembi wa danga lino, chifukwa amene anawayankhula sanayang'anitsitse zomwe zili m'magemu atsopano amene akuwatamawo.

Tiyambe ndi Street Fighter. Kampani ya Capcom ya ku Japan inatulutsa Street Fighter II m'chaka cha 1991, muli anthu asanu ndi atatu oti wosewera asankhepo: Ryu, Ken, Chun-Li, Guile, Blanka, Dhalsim, Zangief ndi E. Honda. Mu Juni 2023 kampani yomweyo inatulutsa Street Fighter 6, ndipo mwa anthu 18 amene gemuyo inayamba nawo, onse asanu ndi atatu aja alimo, osasowapo ndi mmodzi yemwe. Ryu wamera ndevu, koma moto wa m'manja uja akuponya womwewo. Mu Seputembala chaka chomwecho kunabwera Mortal Kombat 1, imene inafafaniza nkhani yonse n'kukayambiranso pachiyambi, ndipo Kano, Sonya ndi Jax anawabwezeramo atavala zovala zawo za m'ma 1990 kuti azidumphira m'ndewu kuthandiza mnzawo. Tekken 8 imene mnyamata uja amaitchula inatuluka mu Januwale 2024. Muli Paul, Law, King, Nina ndi Yoshimitsu, omwe analipo kale mu Tekken yoyamba ya 1994. Eddy Gordo, wovina ndi miyendo m'mwamba uja amene aliyense wosadziwa gemu amathawirako, anamuwonjezera patangopita miyezi yochepa. Ngakhale nkhalamba Heihachi, yemwe mwana wake anamuponya m'phiri la moto kumapeto kwa Tekken 7, anamudzutsa chaka chisanathe chifukwa anthu anamusowa.

A SNK nawo anakafukula Fatal Fury mu Epulo 2025, patatha zaka 26 chitulutsire gemu yomaliza ya mtunduwo mu 1999. Terry Bogard alimo. Anaikamonso Cristiano Ronaldo kuti azimenya anthu ndi mpira, zomwe mlembiyu sakuziona ngati zanzeru, ngakhale akudziwa kuti pa Nathenje angapeze omutsutsa ambiri.

Sikuti abweza nkhope zokha. Mu Street Fighter III ya 1997 munali luso lokankhira pambali chibakera cha mdani pa kamphindi komwe chikukufika. Ndi luso limeneli Daigo Umehara wa ku Japan anadabwitsa dziko pampikisano wa Evo mu 2004: moyo utamutsalira kadontho, anatchinga mateche 15 otsatizana a Chun-Li wa Justin Wong, n'kumugwetsa. Lusolo linasowa m'magemu ena otsatira, koma mu Street Fighter 6 alipatsa wina aliyense. Chachikulu kwambiri n'chakuti mkati mwa gemuyi anamangamo holo yotchedwa Battle Hub. Wosewera ali yekha m'chipinda chake ku Tokyo kapena ku London amalowa m'holomo kudzera pa intaneti, amayendetsa kachidole kake mpaka pamakina ojambulidwa ngati a kale aja oponyamo ndalama yachitsulo, n'kukhala pansi kudikira kuti wina abwere adzamuyambe. Ena amaima kumbuyo kuonerera. Akatswiri a makompyuta anathera nthawi ndi ndalama zambiri kupanga chifanizo cha benchi, mzere wa odikira ndi gulu la oonerera, zimene pa Mitundu zilipo zenizeni.

Magemu a ndewu anabadwira m'nyumba zotere. Unkaponya ndalama, n'kumenyana ndi munthu amene phewa lake likukhudza lako. Wowina ankakhalabe, woluza ankapita kumapeto kwa mzere. Ku America ndi ku Ulaya nyumbazo zinatsekedwa pang'onopang'ono banja lililonse litagula makina akeake, ndipo lero anthu amamenyana ndi munthu amene sadzamuona n'komwe, yemwe akaona kuti zikumuvuta amangozimitsa intaneti n'kuthawa. Kwathu kuno kuthawa kulibe. Ukagwa, umadzuka pabenchi anthu akuona, umapereka padi kwa wotsatira, mawa umakumana ndi wokugwetsayo pamjigo. Aliyense amene anakhalapo pabawo pansi pa mtengo akudziwa mmene zimakhalira: aphunzitsi ako ndi oonerera omwewo, amene amang'ung'udza ukagwira njombwa yolakwika. Mwana amene waluza kakhumi pamaso pa anzake n'kubweranso tsiku lotsatira waphunzira kupirira manyazi, ndipo phunziro limeneli ndi losowa ngakhale pakati pa akuluakulu.

N'zoona kuti chasunga mwambowu ndi umphawi. Palibe kholo pa Mitundu limene lingagulire mwana makina akeake fodya ndi mtedza zikugulidwa mmene zikugulidwiramu. Koma chinthu sichikhala chachabe chifukwa choti chasungidwa ndi kusowa.

Ndipo anthu a m'magemuwa si alendo kwa ife. Wailesi yakanema ya dziko lino inayamba mu 1999, mochedwa kwambiri, kotero amene anakula m'zaka zimenezo anaphunzira dziko lakunja m'mavidiyo sho a pamisika, momwe Bruce Lee, Chuck Norris, Jet Li ndi Jean-Claude Van Damme ankalamulira kuyambira m'mawa mpaka jenereta itatha mafuta. Pambuyo pake anabwera anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa, amene anawapatsa akatswiriwa pakamwa pathu. Filimu ya Mortal Kombat ya 1995 inazungulira m'mavidiyo sho omwewo, moti ambiri anamudziwa Sub-Zero asanagwirepo padi. Nawo opanga magemu anakulira pamafilimu omwewa. Law wa mu Tekken ndi Bruce Lee weniweni, kuyambira kakuwidwe mpaka kalumphidwe. Ed Boon ndi John Tobias, amene anapanga Mortal Kombat yoyamba mu 1992, ankafuna Van Damme mwiniwake akhale m'gemumo. Zitakanika anapanga Johnny Cage womufanizira, ndipo panatenga zaka 31 kuti nkhope ndi mawu a Van Damme zilowe mu Mortal Kombat 1. Bambo wa zaka 45 pa Nathenje amene amakalipira mwana wake chifukwa cha magemu ndi yemwe uja ankazemba kubusa mbuzi kukaonera Van Damme yemweyo.

Tsono kodi gemu yatsopanoyo ingafike bwanji pa Mitundu? Tekken 8 siyenda pa makina akale. Imafuna PlayStation 5, Xbox yatsopano kapena kompyuta yamphamvu, zonse zogula ndi ndalama zakunja, m'dziko limene kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Gemuyo payokha imadya malo okwana pafupifupi 100GB, ndiye muwerengere nokha mabandulo ake. Ikangolowa imafunabe intaneti nthawi ndi nthawi, ndipo Eddy ndi Heihachi aja amagulitsidwa padera. Magetsi nawo tonse tikuwadziwa. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linakhala miyezi yambirimbiri mumdima, ndipo amene anapitiriza bizinesi ndi amene makina awo ankatha kuyenda ndi kasola ndi batire. PlayStation 2 inatuluka m'chaka cha 2000, imapirira fumbi la m'chilimwe, ndipo ikafa pali mnyamata m'tauni wodziwa kuidzutsa. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Mlembiyu amaukonda mwambi umenewu, ndipo kuno kwa alimi a fodya sufuna kumasulira. Tekken 8 ili pachala cha anthu ena. Tekken 5 ili pamphuno pathu, ndipo mateche ambiri a Law amene mwana angaphunzire mmenemo ndi omwewo amene akugwira ntchito m'gemu yatsopanoyo.

Amene akukayika amve nkhani ya Arslan Siddique, wodziwika kuti Arslan Ash, wa ku Lahore m'dziko la Pakistan. Kwa zaka zambiri dziko lonse linkadziwa kuti eni Tekken ndi a ku South Korea ndi a ku Japan. Palibe ankaganizako za Pakistan, komwe anyamata ankasewerera m'timashopu topanikizana, magetsi akuzimazima, pasipoti yawo ikukanidwa maviza m'maiko ambiri. Mu Febuluwale 2019 Arslan anafika ku Fukuoka movutikira kwambiri chifukwa cha nkhani za viza, n'kuwina Evo Japan. Mu Ogasiti chaka chomwecho anapita ku Las Vegas n'kugwetsa Knee, katswiri wa ku South Korea amene ambiri ankamuyesa wosagonjetseka. Anawinanso Evo mu 2023, ndipo Tekken 8 itabwera anawinanso mu 2024. Atamuona, akatswiri a maiko olemera anayamba kukwera ndege kupita ku Lahore kukaphunzira m'timashopu timeneto. Chimene chinamusula ndi benchi, mzere ndi adani ambiri a tsiku ndi tsiku. Ndalamanso zilipo m'masewerawa: wopambana Capcom Cup mu Febuluwale 2024, Uma wa ku Taiwan, anapita kwawo ndi madola miliyoni imodzi.

Apa ndiye pali dandaulo lakale la mlembiyu. Mwini kashopu ka magemu amatengedwa ngati wowononga ana. Pamsonkhano wa makolo dzina lake silisowa, m'maulaliki amatchulidwa pamodzi ndi ogulitsa kachasu. Koma nyumba za juga zadzaza m'misika yathu ndi zikwangwani zowala, juga yalowa m'foni iliyonse, ndipo mnyamata amene wagwira ganyu tsiku lonse amataya zonse m'kanthawi kochepa osaphunzirapo kanthu. Pagemu ya ndewu, ndalama yochepa imagula nthawi yodziwika, ndipo amene wakhalitsa pabenchi wakhalitsa chifukwa cha zala ndi mutu wake. Kuika ziwirizi m'thumba limodzi n'kulakwa, ndipo kuthamangitsa chocheperacho n'kusiya chachikulucho n'kulakwa koposa.

Makolo ali ndi mfundo ziwiri zomveka, ndipo eni mashopu azimve. Mwana wovala yunifolomu alibe malo pabenchi nthawi ya sukulu. Chachiwiri ndi magazi. Mortal Kombat ndi gemu yothyola misana ndi kuzula mitu, moti ku America inakambidwa m'nyumba ya malamulo mu 1993, ndipo chaka chotsatira kunakhazikitsidwa bungwe la ESRB loika msinkhu woyenera pagemu iliyonse. Si ya mwana wa Sitandade 3. Mwini shopu wanzeru amuikire Tekken kapena Street Fighter, asiye Scorpion kwa a ndevu.

Chinanso chimene chimamuwawa mlembiyu ndi mpira. M'mashopu ambiri TV zabwino zonse zinatengedwa ndi FIFA ndi PES, ndipo gemu ya ndewu inakankhidwira pakona, pa padi ya mabatani omira. Mpira si woipa, koma anthu awiri amagwira benchi nthawi yaitali n'kutha osagoletsana, pamene ndewu imatha m'mphindi ziwiri n'kupatsa mpata wina. Kwa mwana amene wabwera ndi ndalama yamasewera amodzi, mzere woyenda msanga ndi chilungamo. A Capcom nawo aika mu Street Fighter 6 njira yatsopano yoti batani limodzi liziponya moto wa Ryu, umene kale unkafuna kutsitsa chala pansi, kuchikhotetsera kutsogolo n'kudina chibakera pa nthawi yake. Anachepetsako mphamvu ya moto woterowo, ndipo anachita bwino, chifukwa amene anatupa chala kuphunzira njira yakale ayenera kusiyanako ndi wongofika.

Chimene chikusowa kuno ndi mpikisano. Anyamata a pa Mitundu amadziwana okhaokha, a pa Nathenje chimodzimodzi, ndipo katswiri wa uku sanayesedwepo ndi wa uko. Pakati pawo pali Bunda, yodzaza ndi ophunzira odziwa makompyuta, amene angathe kulemba mayina, kukonza ndondomeko ya omenyana ndi kujambula ndewuzo pafoni kuti dziko lione. Eni mashopu awiri kapena atatu atagwirizana, angabwereke holo Loweruka lina sukulu zitatsekera, aliyense kubwera ndi TV yake ndi mapadi ake, batire la galimoto lili pambali podziteteza. Gemu ikhale Tekken 5, chifukwa ndi imene aliyense angaipeze. Atsikana akhale ndi mpata wolembetsa, osati kungoima pazenera. Mphoto ikhale mbuzi kapena thumba la feteleza, ndipo opambana anayi apatsidwe ya minibasi kuti mwezi wotsatira akayesane ndi a ku Area 23 ndi a kwa Biwi.