Ndemanga: Mankhwala a utitiri asatiphere ziweto

Nyengo yotentha ikafika, utitiri ndi nkhupakupa zimachuluka m'makomo mwathu. Galu amakanda usiku wonse, mphaka amayoyoka ubweya, ana amadzuka ndi zidzolo m'miyendo. Mlimi amene akufuna kuthana ndi tizilomboti salakwitsa, pakuti utitiri si wochepetsa: mu 2002 ku Nsanje kunabuka mliri wa matenda ofalitsidwa ndi utitiri wa makoswe. Chimene chikutidetsa nkhawa ife a bungwe lino ndi mankhwala amene alimi akugwiritsa ntchito, komanso kumene akuwagula.

Ambiri a ife, tikaona galu akukanda, timatenga mankhwala amene ali pafupi: otsala opopera thonje, dipi wa ng'ombe kapena ufa wothira m'chimanga. Ena timagula kwa mavenda mankhwala oikidwa m'timabotolo topanda dzina. Zotsatira zake tikuziona. Chiweto chimayamba kutuluka dovu, kunjenjemera, kusanza ndi kudzandira, mwinanso kufa tsiku lomwelo. Kenaka timaloza chala mnansi kuti watithirira tameki, chonsecho poizoni tathira tokha.

Alimi anzathu, mankhwala ali ndi mwini wake. Permethrin, amene amapezeka m'mankhwala ambiri a utitiri wa agalu komanso mu Actellic Super, ndi poizoni woopsa kwa mphaka chifukwa chiwindi chake chimalephera kumusungunula. Mphaka atha kudwala ngakhale pongogona limodzi ndi galu amene wapakidwa kumene mankhwalawa. Mphaka akafa, nkhokwe yataya mlonda ndipo makoswe amachita phwando. Amitraz, amene ali mu dipi wina wa ng'ombe, amagwetsa ana agalu ndi amphaka. Fipronil amathandiza agalu ndi amphaka, koma amapha akalulu. Nawo cypermethrin wa m'munda wa thonje amapha nsomba ngakhale atalowa pang'ono chabe m'madzi, choncho kusambitsira galu pafupi ndi damu la nsomba ndi kudziotchera wekha nkhokwe.

Tisaganize kuti vutoli ndi la osauka okha. Mu 2017 mazira mamiliyoni ambiri anachotsedwa m'masitolo ku Netherlands, Belgium ndi Germany atapezeka ndi fipronil, amene anapoperedwa m'makola a nkhuku mophwanya lamulo. Mu 2018 bungwe la FDA ku America linachenjeza kuti mapiritsi atsopano a utitiri monga Bravecto ndi NexGard amachititsa agalu ena kunjenjemera, kudzandira ndi kukomoka. Ngati mankhwala ovomerezeka, olembedwa bwino, ali ndi zovuta zake, nanga kuli bwanji a m'kabotolo kopanda dzina?

Safunsa anadya phula. Tisanathire chiweto mankhwala, tifunse mlangizi wa ziweto. Tiwerenge ngati pa botolo alembapo kuti ndi a galu, mphaka kapena nkhuku, ndipo titsate muyezo molingana ndi kulemera kwa chiweto. Kuonjezera muyezo sikupha utitiri msanga, kumapha chiweto. Ana asagwire ntchitoyi, ndipo asasewere ndi galu mpaka ubweya utauma. Chiweto chikaonetsa zizindikiro za poizoni, chisambitseni msanga ndi sopo ndi madzi ofunda pang'ono, musachimwetse mkaka kapena mafuta ophikira, ndipo thamangani kwa mlangizi mutanyamula botolo la mankhwalawo. Tikumbukirenso kuti utitiri wambiri sukhala pa galu. Mazira ndi mphutsi zake zimakhala m'fumbi ndi m'masaka amene galu amagonapo. Kusesa, kuzira pansi ndi kuchapa masaka ndi madzi otentha kumachepetsa utitiri popanda kutaya ndalama.

Koma si bwino kuti mlandu wonse ugwere mlimi. Adzafunsa ndani ngati mlangizi wa ziweto mmodzi akuyang'anira midzi yambirimbiri, wopanda ngakhale njinga yamoto? Adzawerenga bwanji malangizo olembedwa m'Chingerezi ndi timalemba tating'onoting'ono? Dziko lino lili ndi lamulo la mankhwala ophera tizilombo la chaka cha 2000, lomwe linakhazikitsa bungwe la Pesticides Control Board. Lamulo lilipo, koma pa tsiku la msika poizoni akugulitsidwa moyandikana ndi tomato ndi usipa.

Choncho tikupempha zinthu zitatu. Choyamba, akuluakulu oona za mankhwalawa afike m'misika ya kumidzi ndi kulanda mankhwala onse opanda dzina. Chachiwiri, aliyense wogulitsa mankhwala a ziweto akakamizidwe kupereka malangizo m'Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao, okhala ndi zithunzi zoonetsa ziweto zimene siziyenera kupatsidwa. Chachitatu, unduna wa zaulimi uonjezere alangizi a ziweto, ndipo pa nthawi ya katemera wa chiwewe, pamene agalu asonkhana malo amodzi, aziphunzitsanso eni ake za utitiri.

Nafenso tili ndi mbali yathu. Makalabu athu akambirane nkhaniyi pa msonkhano wa mwezi uno, asonkhe ndalama zogulira pamodzi mankhwala oyenera ku sitolo yovomerezeka, ndipo alembe chiweto chilichonse chimene chafa ndi mankhwala. Malipoti amenewo atumizidwe ku ofesi ya bungwe, chifukwa ndiwo umboni umene tidzapite nawo kwa akuluakulu.