Luso lifike kalata isanabwere

Boma litatseka ADMARC mu 2022, antchito masauzande anachotsedwa, kuphatikizapo a m'misika ya ku Chikwawa ndi Nsanje. Kalaliki amene wakhala pa sikelo zaka makumi awiri akuyeza thonje ndi chimanga amadziwa kuwerenga makilo ndi kulemba malisiti. Msika ukatsekedwa, luso limeneli lilibe womugula.

Lamulo la ntchito limati wochotsedwa alipidwe malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zoyambirira, atatu pa zaka zisanu zotsatira, ndi anayi kuyambira chaka cha 11. Za kumuphunzitsa ntchito ina lamuloli silikakamiza bwana aliyense. Ndalamazo zimabwera kamodzi, ndipo m'chigwa cha Shire njira yake ndi yodziwika: ngongole ya katapila, fizi ya ana, malata ochepa, yotsalayo njinga yamoto ya kabaza. Pa Nchalo, Ngabu ndi Bangula akabaza achuluka kale moti amalimbirana munthu mmodzi wotsika minibasi.

Chopweteka n'chakuti ndalama yophunzitsira ilipo. TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, limatolera 1 peresenti ya malipiro onse amene olemba ntchito amapereka. Ndalama imeneyi imawerengedwa pa thukuta la mlonda, dalaivala wa thirakitala ndi wodula nzimbe. Koma makoleji a ntchito zamanja amayang'ana kwambiri achinyamata a satifiketi ya MSCE. Bambo wa zaka 45 amene anasiyira Sitandade 7, ali ndi ana asanu, sangakakhale kugonera komweko zaka zingapo. Iye akufunika maphunziro a miyezi yochepa, apafupi ndi kwawo, a m'Chisena kapena Chimang'anja, komanso kandalama kogulira ufa pamene akuphunzira.

Aphunzire chiyani? Osati utelala ndi ukalipentala basi, ngati kuti mudzi uliwonse ukusowa matelala khumi. Ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme, yochokera ku Kapichira, cholinga chake n'kuthirira mahekitala oposa 40,000. Idzafuna okonza mapaipi ndi zitseko za madzi, owotcherera zitsulo, amakaniko a mathirakitala ndi osunga mabuku a makopaletivi. Mapampu a sola akufalikira m'madimba, koma imodzi ikafa mlimi amadikira munthu wochokera ku Blantyre. Namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anasiya nyumba, milatho ndi mijigo zofuna amisiri odziwa kumanga poganizira madzi osefukira.

Pali gulu lina lomwe ntchito imalithera chaka ndi chaka popanda wodabwa. Odula nzimbe ku Nchalo, kumene shuga anayamba kupangidwa m'ma 1960, amatula zikwanje mvula ikayandikira n'kudikira mpaka cha mu Epulo. Miyezi imeneyi ndiyo yoyenera maphunziro, munthu akadali ndi chiyembekezo chobwerera kuntchito, mutu uli m'malo.

Anthu a ku Nsanje anaona doko likutsegulidwa ndi chisangalalo mu 2010, koma ntchito zimene ankayembekeza sizinabwere, choncho sangatengeke ndi malonjezo ena. Aphungu a ku Chikwawa ndi Nsanje akapemphe ku Nyumba ya Malamulo kuti gawo la ndalama za TEVETA lipatulidwire ochotsedwa ntchito, ndipo kampani iliyonse yofuna kuchepetsa antchito iyambe kuwaphunzitsa isanawapatse makalata.