Kompyuta yakale isatayidwe, igwire ntchito usiku

Minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi yakalekale. Wa Satemwa unayamba mu 1923. Zithunzi zakale za anthu othyola tiyi, ambiri mwa iwo Alomwe ochokera ku Mozambique, n'chuma chomwe zidzukulu zawo ziyenera kuchiona. Vuto n'lakuti chithunzi chikalowetsedwa m'kompyuta ndi sikana chimakhala chachikulu kwambiri, ndipo pa foni chimadya bandulo chisanatseguke n'komwe.

Ena amati mpaka tigule kompyuta yatsopano. Ine ndikukana. Kompyuta yapadesiki ija yochedwa kuyaka ikhoza kupanga kachithunzi kakang'ono ka chithunzi chilichonse, koti munthu aone msanga n'kusankha chomwe akufuna. Pulogalamu yaulere ya ImageMagick, yomwe inatuluka mu 1990, imangofuna kuiuza foda ndi kukula kwake, mwina mapikselo 200 m'lifupi. Kenako munthu n'kukagona, makina n'kumagwira okha, magetsi akalola.

Koma samalani ndi lamulo lake lotchedwa mogrify. Mukapanda kulipatsa foda ina, limafufuta zithunzi zazikulu n'kusiya tating'ono tokhatokha, momwe nkhope ya agogo pakati pa anzawo m'munda simungaizindikire.