M'mera Mpoyamba: Tilere Mbande za Nsungwi



Chaka chilichonse, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, dziko lathu limakhala m'nyengo yobzala mitengo. Timasonkhana, timakumba maenje, timajambulitsa, kenaka n'kubalalika. Koma ndani mwa ife amabwerera pamalopo mu Okutobala, dzuwa la ku Chileka litang'amba nthaka, kukawerenga mbande zimene zapulumuka? Ife tikuti ntchito yeniyeni ili m'miyezi yolera, ndipo mbewu imene ingatiphunzitse bwino zimenezi ndi nsungwi yofesedwa kuchokera ku njere.

Woyenda pa msewu wa M1 pakati pa Lirangwe ndi Lunzu amakumana ndi njinga zolemedwa ndi matumba a makala zikulowera mumzinda wa Blantyre. Mitengo ikatha, dothi limakokoloka kulowa m'mitsinje ya Lunzu ndi Lirangwe, n'kukathera mu Shire, kumene matope amasokoneza malo opangira magetsi. Ndipo sitinaiwale matope amene anatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Nsungwi ili ndi mizu yolukana imene imagwira dothi la m'mbali mwa mitsinje ndi m'zigwembe. Ukaidula imaphukanso, ndipo imatipatsa nkhuni, malichero, madengu, nkhokwe ndi mipanda popanda kugwetsa mtengo wachilengedwe.

Njere yake ndi yosowa. Nsungwi ndi mtundu wa udzu. Mitundu yambiri, kuphatikizapo yathu ya m'zigwa yotchedwa Oxytenanthera abyssinica, imachita maluwa patapita zaka zambiri, n'kubala njere, kenaka phata lonse limauma. Njerezo zimafanana ndi mpunga wosapuntha, ndipo zimatha mphamvu m'miyezi yochepa chabe. Choncho amene wazipeza asazisunge m'chitini kudikira chaka chamawa. Azinyike m'madzi usiku umodzi, n'kuzifesa mosazamitsa m'machubu odzaza ndi dothi lapamwamba losakaniza ndi mchenga ndi manyowa owolerana bwino. Pakatha sabata imodzi mpaka zitatu zimayamba kumera.

Apa ndi pamene ambiri timaphonya. Kambande ka nsungwi kamaoneka ngati udzu wamba, moti wopalira wosadziwa amakazula n'kutaya. Kamafuna mthunzi wa udzu wofoleredwa mopyapyala, ndi madzi m'mawa ndi madzulo. Koma madzi akamadikha m'chubu kamawola m'tsinde. Nazale itchingidwe, chifukwa nkhuku zimapalasa ndipo mbewa zimadya njere. Pakapita miyezi inayi kapena isanu ndi umodzi, mbande imakhala itatulutsa mphukira zingapo, ndipo ingathe kugawidwa mosamala, gawo lililonse ndi mizu yake, kuti mbande imodzi isanduke ziwiri kapena zitatu. Kukatsala milungu yochepa kuti tiwokere, tichepetse mthunzi ndi madzi pang'onopang'ono kuti zizolowere dzuwa.

Tiwokere mvula itakhazikika, m'maenje a masentimita 60 mulifupi ndi kuya komwe, motalikirana mamita 5 kapena kuposerapo. Tiphimbire nthaka ndi udzu wouma, koma usakhudze tsinde, kuopa chiswe. Adani aakulu amabwera tikatha kukolola: mbuzi zikamasulidwa zimadya masamba onse, ndipo moto wa osaka mbewa umapsereza m'kanthawi kochepa zimene tinalera chaka chonse. Mpanda waminga, kulambula mozungulira, ndi chidebe cha madzi kamodzi kapena kawiri pa sabata m'chilimwe choyamba, ndiwo moyo wa mbandeyo.

Ena mwa ife amati: "Zaka zinayi kapena zisanu tisanayambe kudula n'zambiri; pofika nthawiyo tidzakhala tili m'tauni kapena ku Joni." Enanso amati nsungwi imalanda malo a chimanga. Madandaulo amenewa ndi omveka, pakuti minda yathu ndi yaing'ono ndipo njala sidikira. N'chifukwa chake sitikunena za pakati pa munda. Tikunena za m'mbali mwa mtsinje, m'zigwembe ndi m'malo amiyala amene khasu linawalephera kale. Kunena za zaka, tikumbukire kuti mango amene timadya lero anabzalidwa ndi agogo amene ena mwa ife sitinawaone n'komwe. M'zaka zoyambirira nsungwi imaoneka yonyozeka chifukwa ikumanga mizu pansi. Chaka ndi chaka mphukira zatsopano zimatuluka zonenepa kuposa zam'mbuyo. Phata likakhwima, timadula nsungwi zokhazo zimene zakwanitsa zaka zitatu, m'chilimwe, n'kusiya zanthete kuti zipitirize. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pempho lathu n'lakuti chaka chino tisapikisane pa kuchuluka kwa mbande zobzalidwa. Gulu lililonse la achinyamata, kuyambira kumunsi kwa phiri la Michiru mpaka ku Lirangwe, libzale zokhazo zimene lingathe kuthirira. Mbande iliyonse ikhale ndi mwini wake wolembedwa dzina m'kope, pakuti ya tonse imafa ndi ludzu aliyense akuyesa kuti mnzake wathirira. Ndipo mu Okutobala tidzapite tonse pamalopo, kope lili m'manja, tikawerenge zamoyo.