Padi yochipa siipa, coipa ndi dzina lakuba

M'misika ya kumidzi mwabuka malonda amene makolo akale sanawadziwe. Mnyamata amagulitsa nshawa kapena fodya wace, nagula wailesi ya kanema, sola ndi makina a PlayStation, namanga kanyumba momwe anzace amalipira kuti asewere mpira wa pa kanema. Cuma ca malonda awa cagona pa kacipangizo kogwira m'manja kamene osewera amacha padi. Padi ikafa makina onse amangokhala, ndipo tsiku limenelo ndalama sizilowa. Motero funso la padi yoyenera kugula siliri la ana okha ai. Liri funso la ndalama za banja.

Ambiri amati mapadi ali mitundu iwiri, yeniyeni ndi yabodza. Kunena zoona mitunduyo iripo itatu. Woyamba ndi wopangidwa ndi mwini makina, monga DualShock 4 imene kampani ya Sony inaturutsa pamodzi ndi PlayStation 4 m'caka ca 2013. Waciwiri ndi wa makampani ena amene amalemba dzina lao poyera, monga Hori, Nacon, PowerA ndi 8BitDo. Ambiri a mapadi awa ali ndi cilolezo ca mwini makina, ndipo cilolezoco cimalembedwa pa bokosi. Wacitatu ndi wa anthu osadziwika amene amaba dzina ndi maonekedwe a Sony kuti wogula apusike. Kuika mtundu waciwiri ndi wacitatu m'thumba limodzi ndiko kulakwa kumene kwataitsa ndalama zambiri.

Padi ya mwini makina kawirikawiri iri yolimba, koma mtengo wace waukulu sutanthauza kuti siidzafa. Pansi pa tindodo tiwiri toyendetsa ndi zala zazikulu pali tizitsulo timene timakhuzana nthawi zonse. Tikaperepeseka, kapena fumbi likalowamo, wosewera wa pa kanema amayamba kuyenda yekha popanda womkhudza. Bvuto ili linakula pa mapadi a Joy-Con a makina a Nintendo Switch, kotero kuti m'caka ca 2019 ogula a ku America anasumira kampaniyo ku khoti, ndipo inayamba kuwakonzera mwaulere.

Cozizwitsa ndi cakuti mankhwala a matenda awa anafala kucokera kwa makampani ang'ono. 8BitDo ndi GuliKit amapanga mapadi ena amene tindodo tace timayenda ndi maginito, mwa njira yochedwa Hall effect, momwe mulibe zitsulo zokhuzana. Njirayi si yatsopano, pakuti makina a Dreamcast a kampani ya Sega anali nayo m'caka ca 1998. Ici cisonyeza kuti wopanga wina, akakhala woona mtima, akhoza kufanana ndi mwini makina, pena kumposa, pa mtengo wocepa.

Padi ya dzina lakuba ndi nkhani yina. Akulu anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Kunja imawala ngati yeniyeni, koma ikagwidwa imapepuka, mabatani ace amalimba msanga, ndipo batire lace silisunga moto. M'caka ca 2010 Sony inacenjeza anthu kuti mapadi abodza a PlayStation 3 akhoza kuyaka kapena kuphulika. M'kanyumba ka udzu modzala ana, cenjezo lotere siliri la masewera. Ndiponso eni makina ali ndi mphamvu yotsekera kunja zipangizo zosaloledwa: m'mwezi wa November 2023 kampani ya Microsoft inayamba kukana mapadi opanda cilolezo pa makina a Xbox. Amene anagula otere anatsala ndi cinthu copanda nchito m'manja.

Ena adzati munthu wosauka alibe cosankha, agula cimene thumba lace lalola. Mau awa ali ndi nzeru, koma ciwerengero cimawatsutsa. Padi yogulidwa pa theka la mtengo nifa katatu pamene inzace ikali moyo yadya ndalama zoposa, osawerengera za basi yopita ku Chipata kapena ku Lusaka kukagula yina, ndi makasitomala amene anabwerera. Wosauka ndiye amene sayenera konse kugula cinthu kawiri.

Padi ya cilolezo nayonso iri ndi pocepera pace. Zina zochipa sizinjenjemera m'manja ndipo zambiri zimafuna nthambo. Koma kwa mwini kanyumba ka magemu nthambo ndi bwenzi: mulibe batire lofufuma, ndipo padi yomangika ku makina siilowa m'thumba la mlendo. Wogula akumbukirenso kuti padi ya PlayStation 4 siisewera magemu opangidwira PlayStation 5, ngakhale ikhale yeniyeni.

Safunsa anadya phula. Wopita ku sitolo afunse dzina la wopanga, aone cizindikiro ca cilolezo pa bokosi, ayese batani liri lonse asanapereke ndalama, ndipo asacoke wopanda lisiti. Padi yolembedwa Sony koma yogulitsidwa pa mtengo wa nkhuku aisiye pomwepo. Lamulo la dziko lino loteteza ogula la caka ca 2010 limaletsa eni masitolo kupacika zikwangwani zonena kuti katundu wogulidwa sabwezedwa, ndipo bungwe la CCPC limalandira madandaulo a onyengedwa.

Wopanga amene alemba dzina lace pa katundu amaopa manyazi, pakuti adziwa kuti adzafunsidwa. Wobisala m'dzina la mwini alibe coopa, cifukwa palibe amene adzampeza. Ndalama za nshawa zinabwera ndi thukuta la caka cathunthu, ndipo ziyenera kupita kwa woyambayo.